Kugula nyama ya ng'ombe yofewa: zomwe ndaona m'mabutchala ndi kumakola

Ndimaphika zakudya zogulitsa kuno ku Lilongwe. Pakati pa sabata ndimakhala pa kalesitilanti kanga, ndipo Loweruka kawirikawiri ndimakhala ndi oda ya ukwati, chinkhoswe kapena phwando la kuofesi. Nkhuku sizindivuta, chambo ndimadziwa kochipeza, koma nyama ya ng'ombe ndi imene imachititsa kuti mbale zibwerere kukhitchini zili mbee kapena zibwerere ndi nthuli zolumidwa kamodzi n'kusiyidwa. Anzanga akamadandaula kuti nyama siikufewa amaloza moto, amaloza poto, ena mpaka amathira soda. Ine ndaona kuti nyama ikamafika m'khitchini mlandu wake umakhala utagamulidwa kale. Zaka za ng'ombeyo, zomwe inkadya, momwe inafera, masiku omwe nyamayo yakhala chipachikire ndiponso mbali ya thupi yomwe akudulirani, zonsezi wophika sangazisinthe.

Pali mawu omwe tonse timakonda kuwamva pabutchala: "Ya lero iyi mayi, tapha m'mawa womwe uno." Kwa munthu wogula pamsika wopanda firiji mawuwa ndi otsitsa mtima, ndipo m'pomveka, chifukwa m'dziko lotentha ngati lathu nyama yogona panja ndi ngozi. Koma ngati mukufuna siteki yootcha kapena yokazinga pachiwaya, nyama ya lero ndi imene imakhala yolimba kuposa ina iliyonse. Ng'ombe ikaphedwa minofu yake imayamba kukungika, ndipo pakatha maola 12 mpaka 24 imakhala itauma gwa. Ikapachikidwa m'chipinda chozizira, pakati pa madigiri 0 ndi 4, minofu ija imamasuka yokha pang'onopang'ono. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri nyamayo imakhala yofewa, ndipo kakomedwe kake kamakhala katakhwima. Choncho funso langa loyamba pamalo omwe ali ndi chipinda chozizira limakhala lakuti, "Yakhala masiku angati chipachikire?" Wogulitsa wodziwa ntchito amayankha osaphethira. Wina amangokuyang'anani ngati mwamutukwana, poganiza kuti mukuti nyama yake ndi yogona.

M'mabutchala a m'madera mwathu, ku Kawale, ku Area 25, ku Ndirande kapena ku Chibavi, nyama imagulitsidwa m'magulu awiri basi, ya mafupa ndi siteki. Siteki pamenepo ndi mnofu uliwonse wopanda fupa, kaya wachokera pakhosi, kaya pantchafu, kaya pamsana, mtengo wake ndi umodzi. Ambiri amaliona ngati vuto, koma kwa wodziwa kusankha ndi mwayi waukulu, chifukwa mbali yomwe m'sitolo zikuluzikulu amaikweza mtengo kuno mumaigula pamtengo wofanana ndi khosi. Chofunika ndi kulawirira, mufike nyama isanakumane ndi nkhwangwa pachipika, ndipo mudziwe poloza.

Lamulo lake ndi losavuta. Mnofu womwe ng'ombe imagwiritsa ntchito poyenda, pokoka ndi poweramira msipu ndi wolimba, pomwe womwe umangokhala ndi wofewa. Wofewetsetsa ndi fileti, kamnofu kakatali kamene kamagona m'kati, kunsi kwa fupa la msana, chakufupi ndi impso. Ng'ombe imodzi ili ndi tiwiri tokha, ndipo pa ng'ombe zathu za Zebu timakhala tating'ono ndithu. Pamwamba pa fupa lomwelo pamakhala mnofu wa msana womwe m'sitolo amalemba kuti sirloin, ndipo akadula fupalo mopingasa, mbali iyi sirloin mbali iyo fileti, ndiye T-bone ija. Kumapeto kwa msana, pamwamba pa matako, pali rump, yomwe ine ndimaikonda kuposa fileti chifukwa imamveka kukoma kwa ng'ombe. Topside ndi silverside ndi za pantchafu. Zimaoneka bwino, mnofu wokhawokha wopanda mafuta, ndipo ndi zimene anthu ambiri amaloza, koma mukaziika pamakala zimauma, mumatafuna ngati mphira wa legeni. Zimenezi ndi zodula timizere topyapyala kapena zophika ndi msuzi. Khosi, phewa, chidale, nthiti, mchira ndi miyendo ya kumunsi ndi za mphika wa maola angapo pambaula, ndipo kunena zoona ndiwo ya nsima yokoma imachokera kumeneku.

Mwini butchala yemwe ndimagulako kwambiri ndi bambo wachikulire wosakonda zolankhula. Ndikamuimbira madzulo kuti mawa ndikufuna msana, amangoti, "Mubwere isanakwane 7 mayi, anyamatawa akaigwira ndi nkhwangwa musadzandinene." Ndikafika amandidulira ndi mpeni, msana wonse wathunthu, ine n'kukausunga m'firiji masiku angapo, pa thireyi, osaukulunga m'jumbo, ndisanaudule masiteki. Ubale woterewu umamangika ndi kulipira pa nthawi yake komanso kutenga nawo zina zomwe sizikuyenda malonda. Amene amangofuna fileti yokhayokha tsiku lililonse sakondedwa pabutchala.

Ndisanaloze n'komwe, ndimayamba ndafunafuna chidindo. Nyama yomwe yaphedwera pamalo ovomerezeka n'kuyezedwa ndi a vetenale imadindidwa ndi inki pantchafu, paphewa kapena panthiti. Ngati zonse zadulidwadulidwa ndipo palibe chidutswa choonetsa chidindo, ndimafunsa, ndipo yankho likakhala lozungulira ndimapita kwina. Nyama yobwera usiku m'thumba, yotsika mtengo modabwitsa, kawirikawiri imakhala ya ng'ombe yobedwa kapena yofa yokha. Sikelo nayo ndimaiyang'ana. A Malawi Bureau of Standards amayeza masikelo a malonda, koma sikelo yoyezedwa ikhoza kuseweretsedwa mawa lake. Pamalo achilendo ndimatulutsa paketi ya shuga ya kilo imodzi m'chikwama n'kuiika pasikelo mocheza. Ndipo maso asachoke pa dzanja la wodulayo pamene akukwaniritsa kilo, chifukwa kachidutswa komaliza kaja n'komwe kamakhala mafuta okhaokha kapena fupa lopanda kanthu.

Za mtundu wa nyama anthu amasokonezeka nazo. Nyama yongodulidwa kumene imakhala yofiira moderako, ndipo ikakhala pamphepo kwa mphindi 20 kapena 30 imawala, n'kufiira bwino. Ikakhalitsa pamphepo imayamba kuoneka yakhofi. Kuda pang'ono kunja kwa nyama yomwe yapachikidwa m'chipinda chozizira si vuto, amangosenga. Choopsa ndi kuterera, kunanda m'zala, fungo lowawasa ndi kubiriwira pafupi ndi fupa. Ndimadina ndi chala: yabwino imabwerera, yotha imasiya dzenje. Mafuta achikasu kawirikawiri si chizindikiro cha matenda ayi. Amasonyeza kuti ng'ombeyo inkadya msipu, ndipo akakhala achikasu kwambiri nthawi zambiri ndi ng'ombe yaikulu msinkhu. Oyera amachokera ku ng'ombe zodyetsedwa gaga m'khola. Chomwe ndimasangalala nacho ndikachiona ndi timizere ta mafuta tolowa m'kati mwa mnofu weniweniwo, chifukwa timeneti timasungunuka pamoto n'kusiya nyama yonona. Pa Zebu yodya kudambo timapezeka mwa apo ndi apo.

M'sitolo zikuluzikulu zinthu n'zosavuta, mayina a mbali za nyama amalembedwa ndipo yambiri imachokera m'makola onenepetsera ng'ombe, monga a ku Chikwawa, komwe kumapezekanso ng'ombe zosakaniza ndi mtundu wa Brahman. Komabe paketi ndimaitembenuza. Madzi ofiira akadzaza pansi pa thireyi, kapena mukaona timiyala ta ayezi tofiirira m'kati, n'kutheka kuti nyamayo inasungunuka n'kuumitsidwanso, zomwe sizachilendo kuno magetsi akamathimathima. Ndimawerenga tsiku lomwe anaipakira, osati lothera lokha. Nyama yoviikidwa kale m'zokometsera sindigula, chifukwa sosi wofiira amabisa zambiri. Yogayagaya ndimasankha mnofu ndekha n'kupempha kuti andigayire ndikuona.

Koma komwe ndaphunzira zambiri ndi kumakola. Oda ikakhala yaikulu, kapena gulu lathu la banki mkhonde likagwirizana zosonkherana ng'ombe ya Khirisimasi, ndimapita ndekha kukasankha, nthawi zina kumisika ngati ya Mitundu ndi Nsundwe, koma makamaka kwa alimi enieni m'midzi yozungulira. Pamsika pamachuluka mavenda omwe ng'ombe aigula dzana ndipo mbiri yake saidziwa. Pakhola mumaona zomwe ikudya, anzake omwe ikugona nawo, ndipo mwini wake amaidziwa kuyambira ili thole.

Choyamba ndi nyengo. Ng'ombe zodya kudambo zimakhala zonenepa mvula ikangotha, kuyambira Epulo mpaka Juni, msipu ukadalipo ndiponso mapesi ali mbwee m'minda. Ikamafika Okutobala ndi Novembala zimakhala zitatha, nthiti zikuwerengeka. Mvula yoyamba ikagwa, msipu wanthete umazitsegula m'mimba zisanayambe kubwerera m'thupi. Ndiye taonani, mwezi womwe tonse timathamangira kukagula ng'ombe, Disembala, ndi womwe zimakhala zowonda koma zokwera mtengo. Njira yozembera ndi kufunafuna mlimi wodyetsera m'khola, amene amatsekera ng'ombe imodzi kapena ziwiri miyezi ingapo n'kumazipatsa gaga, mapesi ndi masamba a mtedza omwe anasunga pokolola. Ulimi woterewu ndi wakale m'chigawo chapakati ndipo alipo omwe akuuchitabe. Gulu lathu chaka china linagula ng'ombe mu Ogasiti n'kumulipira mlimi yemweyo kuti aidyetsere mpaka Disembala, ife tikumutumizira gaga wa kuchigayo. Nyama yake anthu amaikumbukabe.

Chachiwiri ndi mano. Mlimi aliyense ng'ombe yake imakhala "yanthete", ngakhale yomwe yakoka ngolo mpaka khosi kuchita chipsera. Ine ndimangoti, "Bambo, tatiyasamulireni tione." Ng'ombe ili ndi mano 8 akutsogolo, onse kunsagwada ya m'munsi, kumwamba kulibe. Ikakhala yaing'ono manowa amakhala ang'onoang'ono, a ubwana. Ikamakwanitsa zaka ngati 2 awiri apakati amaguluka, n'kumera akuluakulu otambalala. Kenako amabwera awiriawiri, mpaka pofika zaka 4 kapena 5 onse 8 amakhala aakulu. Kuchokera apo amayamba kuperepeseka ndi kutalikirana. Ya siteki ndimafuna ya mano aakulu 2 kapena 4. Ya mano 6 ndimatenga ngati ili yonenepa bwino. Yodzaza m'kamwa ndi ya mphika, ndipo mtengo wake uyenera kutsika. Achimwene anga okhala ku Johannesburg anandionetsa kuti kumeneko zimenezi zimalembedwa panyama pomwe. Gulu A ndi ng'ombe yomwe sinamere dzino lalikulu ndi limodzi lomwe ndipo inki yake ndi yapepo, AB ndi ya dzino 1 kapena 2 ndipo inki ndi yobiriwira, B ndi ya mano 3 mpaka 6, C ndi yoposa pamenepo. Kumene ine ndimagula, m'kamwa muyenera kusuzumiramo nokha.

Yabwino koposa ndi yamphongo yofula ikadali yaing'ono, kapena msoti womwe sunaswepo, ngakhale mlimi wanzeru msoti sagulitsa wamba. Nkhunzi imakhala ndi mnofu wambiri koma wakuda ndi wolimba. Yaikazi yomwe yaswa kambirimbiri ndi ng'ombe yapangolo yopuma ntchito ndi zomwe zimadzaza misika, chifukwa mlimi amagulitsa chomwe watopa nacho. Ndikakhutira ndi mano ndimaigwira. Dzanja likamayenda panthiti lizimva kuti pali chophimba, pamsana pazikhala podzaza osati pakuthwa, ndipo potulukira mchira pazikhala pofewa mbali zonse ziwiri. Linunda lonenepa, loima bwino, ndi chizindikiro chabwino. Mimba yaikulu isakunamizeni, ena amaimwetsa madzi ambiri m'mawa wa tsiku la msika. Ndimayang'ananso mphuno ngati ili yonyowa, maso ngati ali owala, ngati ikubzikula, komanso ngati sikutsimphina kapena kuchucha dovu.

Funso lomwe ambiri amaiwala ndi la mankhwala. Ng'ombe ikabayidwa jekeseni kapena kumwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba, pamayenera kudutsa masiku omwe amalembedwa pabotolo isanaphedwe, ndipo mankhwala ena ndi a sabata zingapo. Mlimi akaona kuti ng'ombe sikuchira amathamangira kuigulitsa isanamufere. Munthu akakuimbirani kuti pali ng'ombe yotchipa koma mubwere lero lomwe, funsani chomwe chikumuthamangitsa. Yofa yokha musaiyandikire n'komwe, ngakhale ya ulere. Matenda a anthrax amagwira anthu kudzera m'kusenda ndi kudya nyama yotere.

Mapepala nawo musawapeputse. Umbava wa ng'ombe ndi nkhani yaikulu m'midzi, ndipo mukapezeka ndi ng'ombe yobedwa pa rodibuloko palibe amene adzamve zoti munagula mosadziwa. Ine ndimafuna kalata ya amfumu yotsimikiza kuti wogulitsayo ndi mwini wake, chikalata cha mgwirizano chosainidwa pamaso pa mboni cholongosola mtundu ndi zizindikiro za ng'ombeyo, komanso chilolezo choyendetsera chiweto chochokera kwa alangizi a ziweto a m'deralo. Alangizi omwewo ndi amene angakuuzeni ngati dera latsekedwa. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe kuli ng'ombe zambiri, matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabukabuka, ndipo akabuka boma limaletsa kupha, kugulitsa ndi kutulutsa ziweto ndi nyama m'deralo. Wofuna kukagula ku Ngabu kapena ku Bangula ayambe waimba foni asanawononge mafuta a galimoto.

Tsopano mbali yomwe imawononga ng'ombe zabwino zambiri, ulendo wochoka kukhola kupita kophera. Ndinaonapo ng'ombe yomwe tinaisankha bwinobwino ikufika itamangidwa miyendo yonse, itagonekedwa m'kapikapu padzuwa, anyamata ataikwapula poikweza, ndipo ophawo anafuna kuizinga nthawi yomweyo kuti aweruke. Nyama ya ng'ombe yotopa ndi yoopsezedwa imatuluka yakuda, youma, yomata m'manja, ndipo siichedwa kuwonongeka. Chimachitika n'chakuti mphamvu yosungidwa m'minofu, yomwe ikanathandiza nyama kukhwima bwino ikaphedwa, imakhala itathera m'mantha ndi m'kulimbana. Pomwe pagwa chikwapu pamakhala magazi oundana, ndipo pamenepo mumadula n'kutaya. Tsiku limenelo ndinakana. Ndinati, "Achimwene, imasuleni, ipatseni madzi, igone. Tipha mawa m'mamawa." Anang'ung'udza, ndinawawonjezera kangachepe, koma nyama inatuluka yowala. Chiyambire pamenepo ng'ombe yanga imafika dzulo lake, imagona pamthunzi ndi madzi, ndipo woyendetsa ndimamuuziratu kuti ikafika ndi mikwingwirima tikambirana za malipiro.

Kuphera kuseri kwa nyumba n'kotchipa, koma ine ndimapita nayo pamalo ovomerezeka kuti a vetenale aione. Mukaima pafupi mudzaona kuti amacheka masaya, lilime ndi mtima. Amafunafuna timatuza toyera tonga njere za mpunga, tomwe munthu akadya nyama yosapsa timasanduka njoka yaitali ya m'mimba. Chiwindi amachitumbula kuona ngati muli tizilombo taphanthiphanthi tomwe ng'ombe zimatenga m'madambo, ndipo mapapo amawaona ngati ali ndi zotupa za TB. Chiwindi chikakanidwa musakangane nawo. Makamaka inu okonda siteki yofiira m'kati, nyama yosayezedwa si yanu.

Musanapereke ndalama, gwirizanani za chikopa, mutu, mang'ina ndi zam'kati. Opha ndi osenda ali ndi chizolowezi chotenga kena kake ngati malipiro, ndipo mukapanda kunena poyamba mudzapeza mchira ndi chiwindi zasowa, aliyense akuloza mnzake. Ine ndimalipira ndalama, zonse n'kukhala zanga. Mang'ina okha ndi nthumbwana zimabweza gawo looneka la ndalama ndikaziphika pa lesitilanti.

Masamu ake ndi awa, kuti musakhumudwe. Zebu yolemera makilo 300 ili moyo, ikachotsedwa chikopa, mutu, miyendo ndi zam'kati, imatsala pafupifupi theka, makilo ngati 150, ndipo yowonda siifikapo. Pamenepo muchotse mafupa ndi zosenga, mnofu weniweni utsala makilo 100 kapena kupitirira pang'ono. Mwa amenewa, wofewa wootcha uja, fileti, sirloin ndi rump, ndi gawo laling'ono chabe. Choncho wogula ng'ombe yathunthu chifukwa chofuna siteki yokha walakwitsa msika, apite kubutchala. Ng'ombe yathunthu imapindulira amene ali ndi ntchito ya chiwalo chilichonse, kapena gulu logawana. Pogawana pagulu, musalole kuti zonse zidulidwe ndi nkhwangwa n'kuunjikidwa milu. Yambani mwachotsa msana ndi rump ndi mpeni, mugawane pazokha, kenako ntchafu, kenako ya mafupa. Mukapanda kutero, wina amapita ndi fileti osadziwa n'kukaiwiritsa ndi tomato maola awiri.

Kuziziritsa n'komwe kumavuta. Nyama yotentha mukaiunjika m'firiji ya kunyumba, kunja imauma koma m'kati, pafupi ndi fupa la ntchafu, imayamba kununkha. Ine ndimalipira mwini butchala wokhala ndi chipinda chozizira ndi jenereta kuti andipachikire miyendo yakumbuyo ndi msana kwa sabata, pomwe yakutsogolo ndi zam'kati ndimazigwiritsa ntchito msanga. Ngati mwayi woterowo palibe, ipheni m'bandakucha, ipachikeni pamthunzi podutsa mphepo mutaiphimba ndi nsalu yopyapyala yoteteza ntchentche, ikazizira muidule tizidutswa ta mphika umodziumodzi n'kuyala m'firiji mosasanjikiza mpaka itauma. Yolimba yomwe mwatsala nayo, ikulungeni m'masamba a papaya osinjasinja kwa maola ochepa, ndipo podula muzidula mopingasa mitsempha ya mnofu, osati motsatira.

Pa oda ya ukwati ndimafunsanso eni ake ngati pakhale alendo achisilamu. Ngati alipo, ng'ombe ya kukhola ndimaitanira shehe kapena Msilamu wodziwa kuzinga, ndipo ya m'sitolo ndimagula pomwe apachika satifiketi ya halaal yochokera ku Muslim Association of Malawi. Risiti yake ndimaisunga m'thumba la epuloni, chifukwa pamzere wa chakudya sipalephera kupezeka wofunsa.